Matabuleti 40 kapena bolodi lamakono: sukulu yathu igule chiti?

Funso

Ndine mphunzitsi wa masamu ndi Physical Sciences pa sukulu ina ya pulayiveti chakummwera kwa Johannesburg. Kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo ndisanabwere kuno ndinkaphunzitsa pa CDSS. Ana athu ambiri makolo awo ndi ochokera ku Malawi, Zimbabwe ndi Congo. Munthu wina wakufuna kwabwino walonjeza ndalama zogulira zipangizo zamakono. Ahedi akuti ndalamazo zingakwane matabuleti 40, kapena bolodi limodzi lamakono lija logwira ndi chala pamodzi ndi laputopu yake, ndipo andipempha maganizo. M'kalasi mwanga mwa giredi 10 muli ana 46, ndipo ambiri masamu akuwavuta kwambiri. Tigule chiti kuti ana azikhoza? Nanga mafoni awo tiziwalola m'kalasi?

Mayi mphunzitsi, Rosettenville

Yankho

Madamu, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Pa ziwiri zimene ahedi atchulazo, ine sindingathamangire chilichonse. Ndikadakhala inu ndikadapempha kuti ndalamazo zigule laputopu yolimba ndi pulojekita, kapena TV yaikulu, za m'zipinda ziwiri kapena zitatu zimene mumaphunzitsiramo masamu ndi sayansi. Zotsalazo zipite ku batire yosunga magetsi, kabati yachitsulo yokhoma bwino, ndi nthawi yoti aphunzitsi akhale pansi n'kuphunzira kugwiritsa ntchito zinthuzi. Ndikudziwa kuti wopereka mphatso angakonde kuona mwana aliyense atanyamula tabuleti yake, ndipo mtima umenewo ngwabwino. Koma inu mwafunsa za kukhoza kwa ana, choncho ndiloleni ndifotokoze chifukwa chimene ndayankhira chonchi.

Chigawo chino cha Gauteng chinadutsa kale m'njira imeneyi. Mu January 2015, a Panyaza Lesufi akutsogolera zamaphunziro m'chigawochi, boma linatsegulira makalasi opanda mapepala pa Boitumelong Secondary School ku Tembisa ndi pa sukulu zina zochepa. Mwana analandira tabuleti, mphunzitsi laputopu, ndipo pakhoma panaikidwa bolodi lamakono. Chaka chomwecho ntchitoyi inafalikira ku makalasi a giredi 12 m'sukulu zambiri za m'malokeshoni. Cholinga chake chinali cholemekezeka: mwana wa ku Tembisa kapena ku Soweto akhale ndi zimene mnzake wa ku Sandton ali nazo. Zimene zinatsatira tinkaziwerenga m'nyuzipepala. Mbava zinayamba kuthyola sukulu usiku, ana ena ankalandidwa matabuleti panjira yopita kunyumba, ndipo matabuleti ena sanabwezedwe chaka chitatha. Sindikuti ntchito yonseyo inapita pachabe, chifukwa alipo aphunzitsi amene mabolodi aja akuwathandiza mpaka lero. Koma ngati boma, ndi mphamvu zake zonse, linavutika kuteteza zipangizozi, sukulu yodalira fizi ya makolo ogwira maganyu iyenera kusinkhasinkha mofatsa isanaike chuma chake chonse m'zinthu 40 zolowa m'chikwama.

Kuba si vuto lalikulu kwenikweni. Ngakhale zipangizo zitatetezeka, kukhalapo kwake kokha sikukweza malikisi. Ku Peru boma linagawira ana a m'sukulu zakumidzi malaputopu ochuluka pansi pa ntchito ya One Laptop per Child. Kafukufuku wa Inter-American Development Bank amene anatuluka mu 2012 anapeza kuti anawo anaidziwadi kompyuta, koma pa masamu ndi pa chilankhulo malikisi sanasinthe. Mu 2015 bungwe la mayiko osiyanasiyana la OECD linaunika zotsatira za PISA, mayeso oyerekeza kukhoza kwa ana a zaka 15, m'mayiko ambiri, ndipo linaona kuti ana ogwiritsa ntchito kompyuta mwa apo ndi apo kusukulu ankachitako bwino, pamene oigwiritsa ntchito pafupipafupi kwambiri ankatsalira. Koma ku Delhi, m'dziko la India, kunachitika zosiyana. Ana a msinkhu woyamba sekondale ankapita madzulo kukagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa Mindspark, ndipo pa miyezi inayi ndi theka yokha masamu awo anakwera moonekeratu. Pulogalamuyo inkayamba yayeza pamene mwana wafika. Ikapeza kuti mwana wa giredi 8 akukanika ntchito ya giredi 4, inkamubwezera komweko popanda kumuchititsa manyazi pamaso pa anzake, n'kumakwera naye pang'onopang'ono. Nzeru yomweyi ndi imene ili m'matabuleti okhala ndi pulogalamu ya bungwe la onebillion amene akugwiritsidwa ntchito kwathu ku Malawi m'ntchito ya boma ya BEFIT kuyambira 2023, pa ana a Sitandade 1 mpaka 4.

Kusiyana kwa Peru ndi Delhi ndiko mutu wa nkhani yonseyi. Chipangizo chimapindulitsa chikamagwira ntchito imene mphunzitsi mmodzi, ataimirira pamaso pa ana 46, sangathe kuigwira ndi manja ake awiri. Chikangolowa m'malo mwa buku kapena choko, n'kumachita zomwezo zimene zinkachitika kale, mwangosintha mtengo wa phunziro basi. Ndiye musanapite ku ofesi ya ahedi, tengani mapepala a mayeso a telemu yatha, mukhale nawo madzulo amodzi. Musayang'ane malikisi onse, yang'anani funso lililonse palokha. Kodi ana akugwera pati? Ngati akugwera pa mafulakishoni ndi manambala a negative, vuto lawo ndi maziko a ku pulayimale, ndipo afunika mafunso ambiri oyeserera ochongedwa msanga. Ngati akudziwa kuwerengera koma girafu sakuiona m'mutu, afunika kuona chinthu chikuyenda. Ngati akusiya osayankha funso lililonse lokhala ndi mawu ambiri, vuto ndi kuwerenga Chingerezi. Matenda atatuwa mankhwala ake ngosiyana, ndipo mukalowa mu ofesi muja mutanyamula umboni wotere, kukambirana kwake kudzakhala kwa aphunzitsi, osati kwa ogula katundu.

Tiyambe ndi kuona chinthu chikuyenda, chifukwa apa m'pamene laputopu ndi pulojekita zimaposa choko kutalitali. Mu giredi 10 mumaphunzitsa girafu ya y = ax² + q, ndipo ana ayenera kudziwa zimene a ndi q zimachita. Ndi choko, piriyodi imodzi mungajambule magirafu atatu kapena anayi, ndipo pofika lachinayi ana akumbuyo asokonezeka kale ndi mizere yopingasana. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa GeoGebra, imene inayambitsidwa ndi Markus Hohenwarter ku Austria mu 2001. Mukaiika pa laputopu imagwira ntchito popanda intaneti. Mumalemba equation ija, n'kuika slider (kachizindikiro kokoka posintha nambala) pa a ndi pa q, ndipo mukamakoka, girafu imayenda ana akuona.

Koma apa pali msampha umene ndauona m'makalasi ambiri. Mphunzitsi amakoka slider, girafu n'kukwera n'kutsika, ana n'kusangalala, belu n'kulira, ndipo mawa lake palibe amene akukumbuka kanthu. Mwana amene wangoonerera sanaphunzire. Njira yake ndi iyi: musakoke kaye. Auzeni kuti, "Panopa q ndi 0. Ndikaisintha kukhala 3, girafu ipita kuti? Aliyense ajambule m'kope mwake." Apatseni mphindi imodzi, muyende pakati pa madesiki. Mudzapeza ena aipititsa kumanja, ena m'mwamba, ena aikulitsa kukamwa. Funsani awiri osiyana maganizo kuti aliyense ateteze yankho lake. Mkangano ukafika pokoma, ndiye kokani. Mwana amene anajambula kumanja tsopano akuona ndi maso ake kuti zimene ankaganiza sizili choncho, ndipo kudabwa kumeneko n'kumene kumakhazikitsa phunziro m'mutu. Chitani chimodzimodzi a akamatsika kuchoka pa 2 kupita pa 1, pa theka, mpaka kudutsa 0 girafu n'kutembenuka chadodolido. Mu giredi 11, pa y = a(x + p)² + q, pafupifupi kalasi yonse idzakuuzani kuti p akakhala 2 girafu ipita kumanja. Ikapita kumanzere mudzamva phokoso, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yozimitsa pulojekita, kutenga choko, n'kuwaonetsa chifukwa chake poika manambala m'malo mwa x.

Pa Physical Sciences pali PhET, ya ku University of Colorado Boulder, imene inayambitsidwa mu 2002 ndi Carl Wieman, katswiri wa physics amene analandira mphoto ya Nobel. Nayonso ndi yaulere ndipo mutha kuitsitsa n'kuisunga pa laputopu. Pa mutu wa magetsi, ana ambiri amakhulupirira kuti current imatha ikamadutsa m'babu, moti babu loyamba limadya yambiri, lachiwiri n'kulandira zotsala. Mungawauze kakhumi kuti si choncho, adzavomera ndi mutu koma pamayeso adzalemba zomwezo. Lumikizani mababu awiri mu series (motsatizana pa njira imodzi) pa sikirini, muwafunse kuti ammeter, chipangizo choyezera current, iwerenga chiyani kutsogolo ndi kumbuyo kwa babu loyamba, alembe, kenako ikani ammeter m'malo onse awiri. Mukatero sinthani kukhala parallel (babu lililonse pa njira yake), chotsani babu limodzi, muwafunsenso. Ndikupempheni chinthu chimodzi: musalole kuti sikirini ichotse mawaya enieni m'manja mwa ana. Mabatire, mababu a tochi ndi mawaya sizodula, ndipo mwana amene walumikiza yekha n'kupeza kuti babu silikuyaka chifukwa waya wina sanagwire bwino waphunzira chinthu chimene PhET singamupatse.

Mwaona kuti pa zonsezi sindinafune bolodi logwira ndi chala. Bolodi lamakono ndi labwino, koma pa mtengo wake mupeza chipinda chimodzi chokha, ndipo aphunzitsi azidikirirana kapena kusamutsa ana piriyodi iliyonse. M'sukulu zambiri limathera pa ntchito yongoonetsa zithunzi, imene pulojekita wamba ikadaigwira. Lilinso ndi chiyeso chake, chimene pulojekita nayo ili nacho: mphunzitsi akakhala ndi masilaidi okonzeka kale amathamanga. Choko chimatichedwetsa, ndipo kuchedwa kumeneko kumapatsa mwana mpata wotsatira sitepe iliyonse ya samu pamene ikubadwa. Samu yoonekera yonse nthawi imodzi pa sikirini mwana amangoikopera. Choncho bolodi lanu lakale musalichotse pakhoma, ndipo poika sikirini muonetsetse kuti siikulitchinga.

Ntchito yachiwiri, imene kwa ine ndi yofunika kuposa yoyamba, ndi kudziwa msanga amene sanamve. Tonse timafunsa kuti "Mwamva?" ndipo kalasi imayankha kuti "Inde, madamu." Amakweza manja ndi ana asanu omwewo. Za ena 41 mumadzazidziwa pochonga mayeso, mutu utadutsa kale milungu itatu. Pali kapulogalamu kotchedwa Plickers kamene kamafuna foni imodzi yokha, ya mphunzitsi. Mwana aliyense amalandira khadi losindikizidwa papepala, ndipo akalitembenuzira mbali ina ndiye kuti wasankha A, B, C kapena D. Inu mumangoyendetsa kamera ya foni m'kalasi, ndipo pomwepo mumaona kuti ndi angati asankha chiyani, ndiponso ndani. Mnzake woyandikana naye sangadziwe zimene wasankha, choncho wamanyazi nayenso amayankha za mumtima mwake. Mphamvu yake ili pa funso limene mwakonza. Yankho lililonse lolakwika likhale loimira kulakwitsa kumene mumakudziwa. Mwachitsanzo, pa (x + 3)², ikani x² + 9 pakati pa mayankho. Ana 20 akasankha limenelo, musapitirire, phunziro la lero lasintha. Ndinene poyera kuti ngakhale popanda foni, timapepala tinayi tolembedwa A, B, C, D tingakupatseni theka la phindu limeneli. Foni imangowonjezera kusunga zotsatira, kuti kumapeto kwa mwezi muone mwana amene wakhala akutsalira mwakachetechete.

Tsopano za ana amene maziko awo ndi ofooka. Awa afunika mafunso ambiri, ndipo inu simungachonge makope 46 tsiku lililonse pamwamba pa makalasi ena. Kuno ku Joni tili ndi mwayi wa Siyavula, bungwe la m'dziko lomwe lino limene linalemba mabuku aulere a masamu ndi sayansi motsatira silabasi ya boma ya CAPS. Lilinso ndi malo oyeserera pa foni, a masamu kuyambira giredi 8 mpaka 12 ndi Physical Sciences kuyambira giredi 10. Mwana akayankha amauzidwa pomwepo ngati wakhoza, amaonetsedwa njira yonse, ndipo akafunanso funso la mtundu womwewo limabwera ndi manambala ena, choncho kuloweza yankho sikuthandiza. Pa manetiweki ena akuluakulu tsambali silidya data. Yesani nokha ndi simu yopanda data pa netiweki iliyonse imene ana anu ali nayo musanalonjeze makolo. Mwana wa giredi 10 amene akuvutika ndi mafulakishoni muuzeni payekha kuti ayambire pa ntchito ya giredi 8. Onjezani mapepala akale a matric, mayeso omaliza a giredi 12, ndi mayankho ake, amene ali aulere pa tsamba la Department of Basic Education, komanso timabuku ta Mind the Gap ta dipatimenti yomweyo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno: mafoni ali kale m'nyumba za ana anu, pamene matabuleti akadali lonjezo.

Izi zikutifikitsa pa funso lanu lachiwiri. Maganizo anga ndi akuti m'kalasi foni ikhale yozimitsa ndiponso m'chikwama, kupatula pamene inu mwanena kuti itulutsidwe pa ntchito yodziwika, ya mphindi zodziwika. Foni ili padesiki imakoka maganizo a mwana ngakhale asanaigwire, ndipo WhatsApp ndi TikTok zinapangidwa ndi akatswiri olipidwa kuti munthu asachotsepo maso. Mwana wa zaka 15 sangalimbane nazo yekha. Dziko la France linaletsa mafoni mu 2018 m'sukulu za pulayimale ndi m'makalasi oyambirira a sekondale, Netherlands inawachotsa m'makalasi a sekondale kuyambira January 2024, ndipo lipoti la UNESCO la 2023 linalangiza kuti zipangizo zizilowa m'kalasi pokhapokha zikuthandizadi kuphunzira. Koma lamuloli likhale la sukulu yonse, lolembedwa, ndipo makolo alisainire. Mukakhala nokha woletsa, anzanu akulekerera, ana adzakuonani ngati wankhanza ndipo mudzatopa. Musaletsenso kubwera nayo foni kusukulu. Mwana amene akukwera taxi kuchokera ku Turffontein kapena kudutsa m'tauni madzulo, mayi ake ali kuntchito ku Randburg, ayenera kukhala ndi njira yolankhulira ndi kwawo.

Ntchito ya pa foni yochitira kunyumba ili ndi chisoni chake chimene tisachibise. Ena mwa ana anu amabwereka foni ya mayi, amene amafika usiku atatopa ndi ntchito ya m'nyumba za anthu. Ena bambo awo ndi mlonda, foni imapita nawo kuntchito usiku wonse. Ena amakhala banja lonse m'chipinda chimodzi. Funsani mwakachetechete, papepala lopanda mayina a anzawo, kuti ndani ali ndi foni yake, ndani amabwereka, ndani alibiretu. Musapereke malikisi pa ntchito imene mwana wopanda foni sangaichite, ndipo perekani masiku angapo m'malo mwa usiku umodzi. Amene alibiretu ndi amene ndingawagulire matabuleti ochepa, asanu kapena khumi, okhala pasukulu, oti azigwiritsa ntchito akaweruka. Gulu la WhatsApp la kalasi likhale loti olemba ndi aphunzitsi okha, mukhale aphunzitsi awiri, ndipo musamalemberane ndi mwana payekha usiku; zimenezi zimateteza mwanayo komanso dzina lanu. Kumbukiraninso lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021. Mwana wosakwana zaka 18 simungalembetse dzina lake, nambala yake kapena chithunzi chake pa pulogalamu iliyonse popanda chilolezo cha kholo. Pa Plickers mutha kungoika manambala m'malo mwa mayina. Kalata yopempha chilolezo muilembenso m'Chichewa, m'Chishona ndi m'Chifalansa, kuti kholo lisaine chinthu chimene lamva.

Za chilankhulo ndinenepo pang'ono, chifukwa ana anu ambiri Chingerezi ndi chilankhulo chawo chachiwiri kapena chachitatu. Vutoli si la ana obwera okha: kafukufuku wa PIRLS wa 2021, woyeza luso la ana lowerenga, anapeza kuti ana 81 pa 100 alionse a giredi 4 m'dziko lino sankatha kuwerenga momvetsa m'chilankhulo chilichonse, ndipo ana amenewo ndi amene afika ku sekondale tsopano. Vidiyo ya mphindi 20 ya munthu wolankhula Chingerezi chothamanga cha ku America siwathandiza. Sankhani yaifupi, yatsani mawu olembedwa m'munsi, muziimitsa pafupipafupi n'kufunsa. Koposa apo, jambulani nokha ndi foni dzanja lanu likusova samu papepala kwa mphindi zitatu, mukufotokoza ndi mawu amene ana anazolowera. Mwana adzaibwereza kasanu kunyumba popanda kuopa kusekedwa, ndipo kavidiyo kotere sikadya data yambiri.

Palinso nkhani imene simunaifunse koma ili kale m'makope amene mukuchonga. Chiyambireni November 2022 pamene ChatGPT inatuluka, ndiponso Meta AI italowa mu WhatsApp momwemo, mwana atha kujambula funso, kulitumiza ku mapulogalamu oyankha mafunsowa, n'kulandira njira yonse. Homuweki yokongola sikutanthauzanso kuti mwana wamva. Kuletsa simungathe, ndiye sinthani poyezera. Mphindi zisanu zoyambirira za piriyodi perekani funso limodzi lofanana ndi la homuweki koma la manambala ena, mabuku otseka. Nthawi zina itanani mwana afotokoze chifukwa chimene anachokera pa mzere wachiwiri kupita pa wachitatu. Muwauze chilungamo chake: masamu a matric ndi mapepala awiri, lililonse la malikisi 150 ndi maola atatu, olembedwa ndi cholembera, ndipo mayeso omalizawo amatenga magawo 75 pa 100 a malikisi a phunzirolo. M'chipinda chimenecho mulibe foni. Dzanja ndi mutu zimene sizinazolowere kusova zokha zidzaonekera tsiku limenelo. Mapulogalamuwa amalakwitsanso, ndipo kuika yankho lawo lolakwika pa sikirini kuti ana apeze pamene lasochera ndi phunziro labwino kwambiri.

Magetsi musawaiwale. Chaka cha 2023 chinatiphunzitsa za load shedding, kuthimitsa magetsi mosinthanitsa madera, ndipo ngakhale kampani ya magetsi ya Eskom itapepuka, kuba kwa mawaya ndi kuwonongeka kwa masiteshoni a magetsi kumathimitsabe madera a Johannesburg kwa maola kapena masiku. Chilichonse chimene mukufuna kuonetsa chikhale chotsitsidwa kale pa laputopu, ndipo phunziro lililonse likhale lotheka ndi choko ngati zinthu zavuta. TV yaikulu imadya magetsi ochepa kuposa pulojekita ya babu ndipo imaoneka bwino m'chipinda chowala, koma musanagule kaimeni pa desiki yomaliza muone ngati manambala akuwerengeka. Funsani wogulitsa za waranti, za mtengo wa babu latsopano, ndi kumene mungakakonzetse. Patulani ndalama zokonzetsera kuyambira tsiku loyamba, chifukwa wopereka mphatso nthawi zambiri amapereka kamodzi, pamene chaja ndi waya wa HDMI zimawonongeka chaka chilichonse. Zipangizo zilembedwe dzina la sukulu mosafufutika, ndipo pakhale munthu mmodzi wodziwika wosunga makiyi ndi kaundula.

Gawo limene limaiwalika kawirikawiri ndi la aphunzitsi anzanu. Maphunziro a tsiku limodzi operekedwa ndi wogulitsa amaphunzitsa kuyatsa ndi kuzimitsa basi. Chimene chimasintha kaphunzitsidwe ndi aphunzitsi awiri kapena atatu a phunziro limodzi kukumana ola limodzi pa mlungu, kukonza limodzi phunziro la mlungu wamawa, wina kukaonerera mnzake akuphunzitsa, n'kudzakambirana zimene ana anachita. Ola limenelo ahedi aliike pa taimutebulo, lisakhale la mtima wabwino wa munthu akaweruka. Mphunzitsi wachikulire amene akuopa laputopu musamuderere. Nthawi zambiri iyeyo ndi amene amadziwa bwino pamene ana amagwera, ndipo mafunso abwino a A, B, C, D adzachokera kwa iye. Mumuphatikize ndi wachinyamata wodziwa kudina.

Mwina wopereka uja adzaumirira pa matabuleti. Zikatero musakane mphatso. Pemphani kuti akhale 25 m'malo mwa 40, kuti ndalama zotsala zigule pulojekita imodzi, zotchingira masikirini ndi bokosi lochajira lokhoma. Ana 46 atakhala awiriawiri afunika matabuleti 23, ndipo pa masamu kukhala awiri kumathandiza, chifukwa amakangana asanadine yankho. Matabuletiwo asakhale a kalasi imodzi kapena a mwana mmodzi. Azizungulira makalasi motsatira ndandanda, ndipo azigona pasukulu. Muikemo zinthu zochepa zosankhidwa, monga GeoGebra, PhET ndi mabuku a Siyavula, n'kutseka zina zonse. Ngati intaneti ya pasukulu ndi yofooka, pali pulogalamu yaulere ya Kolibri, ya bungwe la Learning Equality, imene imasandutsa laputopu imodzi kukhala nkhokwe ya maphunziro yoti matabuleti onse azitapamo kudzera pa rauta, popanda data.

Chilichonse chimene mugule, gwirizanani ndi ahedi ndi woperekayo za mmene mudzadziwire ngati chathandiza. Sankhani mitu iwiri ya telemu ikubwerayi, tinene magirafu ndi magetsi. Lembetsani kayeso kakafupi musanayambe mutu, kenanso mutamaliza, ndi kachitatu patapita mwezi kuti muone zimene zatsalira m'mutu. Yerekezani ndi mmene ana a chaka chatha anachitira pa mitu yomweyo, ndipo muyang'anitsitse ana khumi a pansi, chifukwa anzeru aja amakhoza ndi chilichonse. Zotsatirazo mukazionetse kwa woperekayo kumapeto kwa telemu, zabwino ndi zoipa zomwe, pamodzi ndi makope a ana awiri kapena atatu makolo awo atavomera. Mukadzafika pamenepo mundilemberenso, Madamu, mundiuze mutu umene wavutabe, tidzaone limodzi chochita nawo.